Denga la Amalume, Malata a Alamu

Pachipatala chachikulu cha m'tauni muja panali bambo wina amene anthu onse, kuyambira madokotala mpaka ogulitsa nthochi pageti, ankawatchula kuti a Katani. Pa chiphaso chawo cha ntchito panalembedwa kuti kalipentala, ndipo silinali bodza. Anaphunziradi za matabwa zaka zitatu, n'kulowa ntchito pachipatalapo ali mnyamata, ndevu zisanagwirizane mbali yomera. Masiku amenewo ankakonza zitseko, mabenchi, mashelefu a mankhwala ndi ndodo za othyoka miyendo. Manja awo anali okhakhala, ndipo ndi manja omwewo amene anakopa mtsikana wina wosoka zovala kumsika, yemwe anadzakhala mayi a kunyumba kwawo.

Dzina la Katani linabwera mwangozi. Tsiku lina kunafika kazembe kudzatsegulira chipinda chojambulira mafupa. Pakhoma anakhomapo chikwangwani chamkuwa chonena za mphatsoyo, n'kuchiphimba ndi kansalu kofiira, kakatani, koti mlendo akakoka chingwe katseguke, anthu aombe m'manja. Kazembe anakoka, kansalu kali gwa. Anakokanso, kali gwa. Atakoka kachitatu, kanjanji konse kanazuka n'kumugwera pa nsapato. Kalipentala wachinyamatayo anangobwera kudzaonerera, koma analumphira kutsogolo, nakhomanso kanjanjiko, n'kukapaka kandulo amene anali naye m'thumba. Kazembe atangogwira chingwe, kansalu kanatsetsereka kokha. Kuyambira tsiku limenelo kansaluko kanakhala m'manja mwawo, ndipo zitseko za pachipatalapo zinayamba kudzisamalira zokha.

Musaganize kuti inali ntchito yopepuka. Dziko lathu ndi losauka, koma lili ndi mwayi wa abwenzi, ndipo abwenzi akuluakulu ndi awiri. Loyamba ndi dziko lija lolemera kuyambira kalekale, limene linkalamula mitengo ya zinthu ife tisanabadwe. Pachipatala ankalitchula kuti Amalume, chifukwa silipereka kanthu popanda malangizo. Amalume akafuna kukupatsa bulangeti amayamba akufunsa kuti lakale linatha bwanji, kenako amakuitanira ku maphunziro a masiku atatu a kafundidwe kabwino. Lachiwiri ndi dziko limene lalemera posachedwapa ndipo likufuna aliyense adziwe. Ilo ankalitchula kuti Alamu: anangotulukira m'banjamo tsiku lina akumwetulira, manja ali odzaza, safunsa mafunso, ndipo sudziwa chimene akufuna mpaka utawaona akuyeza munda wa kuseri.

Awiriwa sankapatsana moni ndi mtima wonse. Kulikulu la dziko ankalimbirana zinthu zazikulu, migodi, misewu, ndi dzanja lathu povota pa misonkhano ya maiko. Koma nkhondo yawo ikafika pachipatala inkasanduka ya masikelo ndi mawilitcheya. Amalume akapereka sikelo yoyezera makanda, sabata yotsatira Alamu ankabweretsa masikelo awiri. Alamu atamanga geti lokhala ndi wotchi pamwamba, Amalume anaimika chikwangwani chachikulu patsogolo pake, moti wofuna kudziwa nthawi ankachita kusuzumira cham'mbali. Makanda a m'tauni muja anali oyezedwa kuposa makanda onse padziko, ngakhale kuti mankhwala a chifuwa ankasowa miyezi inayi pachaka.

Mphatso iliyonse inkafuna chikwangwani chake, chikwangwani chilichonse chinkafuna katani, ndipo apa m'pamene bambowa anakulira. Koma luso lawo lenileni linali lobisa. Kukamveka kuti Amalume akubwera, a Katani ankalawirira kukankhira makabati patsogolo pa zikwangwani za Alamu, zotsalazo n'kuziphimba ndi mapepala ophunzitsa kusamba m'manja. Kukabwera Alamu, makabati omwewo ankawoloka khonde kupita kukhoma linalo. Mlendo aliyense ankachoka akukhulupirira kuti pachipatalapo amakondedwa yekha. Zaka makumi atatu sanaphonyepo ngakhale kamodzi, ndipo ankanyadira zimenezi monga mmene ena amanyadira ana ophunzira.

Mkulu woyendetsa chipatala, amene onse ankangoti Bwana, anali ndi lamulo limodzi losalembedwa: chowonongeka sichikonzedwa mlendo asanachione. "Mukakonza nokha," ankatero, "mlendo adzajambula chiyani?" Choncho panali njira yake yoyendetsa alendo. Ankayambira pa chitseko chopanda mahinjesi, n'kudutsa pa mpopi wouma, n'kukathera mu wodi ya amayi, pakona pamene denga linkadontha. Pansi pake pankakhala beseni lachitsulo lopindika, losungidwira ntchito yomweyo. Bwana akafika pamenepo ankatsitsa mawu, n'kuyang'ana kudenga ndi nkhope ya pamaliro. Dontho limenelo linali litabweretsa makompyuta khumi, njinga zamoto zitatu, ndi maulendo awiri a Bwana kunja. Denga lokha ndi limene silinkabwera. Wodiyo anamanga ndi Amalume zaka makumi anayi zapitazo, ndipo ankati kusamalira nyumba ndi udindo wa eni ake. Alamu nawo ankati iwo amamanga zatsopano, sazigamba za ena.

A Katani sankaona cholakwika pa zonsezi. Beseni lija ankaliika okha pamalo pake alendo asanafike, ndipo m'chilimwe ankathiramo timadzi pang'ono kuti lioneke la ntchito.

Ndiye chaka china, mvula itatsala pang'ono kuyamba, akazi awo anaterereka pamasitepe a kumsika atanyamula mpukutu wa nsalu, n'kuthyoka fupa la ntchafu. Madokotala anawagoneka pa bedi lokokera mwendo: kachitsulo m'fupa, chingwe chodutsa pa kagudumu, kumapeto kwake thumba la mchenga likulendewera. Anati akhale choncho masabata asanu ndi atatu osasuntha. Mabedi otere analipo atatu okha, omangidwa ndi mabawuti pansi kuti asagwedezeke, ndipo lopanda munthu linali limodzi, la pakona.

Masana alionse, belu la chakudya likalira, a Katani ankabwera ndi kambale kawo n'kukhala pa kampando pambali pa bedilo. Pa zaka makumi atatu ndi zitatu za banja lawo sanagonepo m'matauni osiyana, ndipo ngakhale ankakangana pa chilichonse, kuyambira mchere mpaka nyimbo za pawailesi, mmodzi sankamva kukoma kudya popanda mnzake. Sabata yachiwiri kunagwa kamvula koyamba, kongonyowetsa fumbi. Atafika masana anapeza beseni lija lili pamimba pa akazi awo, iwo ataligwira ndi manja awiri.

"Takulandirani, abambo," anatero mayiwo. "Mwabwera ndi wojambula?"

"Musayambe, mayi."

"Ine sindikuyamba, ayamba ndi a kumwambawa. Dontho loyamba linandipeza pachipumi, ndinkayesa ndi dalitso. Lachiwiri linalowa m'khutu. Anamwino akuti bedi silisuntha, ine sindisuntha, ndiye tagwirizana kuti ndikhale tebulo la beseni lanu."

Amayi a m'mabedi oyandikana anaseka. A Katani anayesa kuseka nawo koma zinawakanika. Bulangeti linali lonyowa cha kumapazi, pafupi ndi bala la kachitsulo kaja, ndipo Sisitala, namwino wamkulu wa wodiyo, anawakokera pambali n'kuwauza mosabisa kuti bala limenelo likamanyowa lidzaola. Kwa nthawi yoyamba anayang'ana banga lakuda lija la kusiling'i osati ngati chuma cha chipatala koma ngati mdani wawo. Anachita mantha.

Anapita kwa Bwana chipewa chili m'manja.

"Bwana, denga lija la ku wodi ya amayi."

"Likudontha bwino?"

"Likudonthera akazi anga, bwana."

Bwana anapepesa kwambiri, ndipo ankaoneka kuti akumvadi chisoni. Anafunsa za mwendo, analonjeza bulangeti lina. Koma pa za denga anatemetsa nkhwangwa pamwala. "A Katani, inu ndi munthu wakale pano. Mwezi wamawa Amalume akubwera, ndipo ndamva kuti ali ndi maganizo a galimoto. Tikatseka pamenepo ndikawaimika pati? Pirirani pang'ono. Ndipo kunena zoona, pokhala pabedipo pali munthu, chithunzi chidzagwira mtima kwambiri."

A Katani anatuluka mutu uli wolemera. M'shedi mwawo anakhala pa benchi pakati pa makabati ndi zingwe za makatani, n'kuyamba kuganiza monga anaphunzirira pa zaka makumi atatu: denga likadontha, funso ndi lakuti adzapereke lina ndani.

Tsono panali chinthu china chimene Bwana sankachidziwa. Popeza katani ankaitanitsidwa mwambo usanalengezedwe, a Katani ndi amene ankayamba kudziwa zimene mbali iliyonse ikukonza, ndipo mbali zonse ziwiri zinkadziwa zimenezi. Amalume anali ndi mayi wina wa kwathu konkuno, woyenda ndi mafomu pachifuwa, amene ankabwera kudzaona ngati zonse zili m'malo kazembe asanafike. Alamu anali ndi womasulira wawo, bambo wamfupi woseka msanga. Aliyense akabwera ankadutsira kushedi, n'kusiya kapu kapena tisheti, n'kufunsa ngati nkhani yongocheza kuti anzathu aja akuti bwanji masiku ano. A Katani ankayankha zoona nthawi zonse, ndipo kunyumba kwawo kunali matisheti a ubwenzi okwanira timu ya mpira ndi ochemerera omwe.

Lolemba kunabwera mayi wa mafomu.

"Kuli zotani kuno, a Katani?"

"Palibe, mayi. Kungoti tikukonzekera za denga zija."

"Denga liti?"

"Aa, simunamve? Ndiye mwina ndalankhula msanga. Alamu akufuna kufolera wodi ya amayi. Akuti ndi zamanyazi kuti nyumba imene ena anamanga izidonthera odwala, eni ake ali phee. Akuti chikwangwani chawo adzachikhoma pamwamba pa chanu chija."

Mayiyo sanamalize n'komwe tiyi. Analemba mizere itatu pa fomu, n'kuthamangira ku galimoto foni ili kukhutu.

Lachiwiri kunabwera womasulira, ndipo a Katani, amene bodza loyamba linawatuluka movutikira, anapeza kuti lachiwiri likutsetsereka lokha.

"Achimwene, ndikutsineni khutu. Amalume akubwera ndi malata mwezi wamawa. Kazembe wawo akuti adzakwera yekha padenga kukhoma msomali woyamba, atolankhani ali pansi. Akuti anthu aone kusiyana kwa bwenzi lakale ndi alendo ongofika dzulo."

"Ananena choncho? Ongofika dzulo?"

"Ine ndangomva, achimwene. Makutu alibe chitseko."

Madzulo amenewo anapita kunyumba akuimba kamluzu. Nzeru yawo inali yosavuta: agalu awiri akathamangira fupa limodzi, mmodzi afika ndithu. Amene afike, denga likhala latsopano mvula yeniyeni isanabwere.

Anafika ndi Alamu. Lachinayi m'mawa malole awiri analowa pageti, limodzi lodzaza malata obiriwira onyezimira, lina lodzaza amuna a zipewa zachikasu. Bwana anangouzidwa pafoni kuchokera kulikulu kuti alandire mphatso. Odwala oyenda anawasamutsira m'khonde, ndipo amayi atatu a pa mabedi omangidwa aja anawakungira lona pamwamba ngati msasa wa pamsika. Pofika Loweruka masana malata onse akale anali atazulidwa, kupindidwapindidwa n'kutengedwa ndi lole kupita kwa ogula zitsulo. Siling'i yovunda ija anaigwetsanso. Wodi inatsala ndi mitanda yokha, dzuwa likulowa mpaka pansi pa mabedi.

A Katani anaima pakhomo manja ali m'chiuno, mtima uli mbee. Mmodzi wa amisiri aja, mnyamata wa kwathu konkuno, anawaonetsa lata la pakona asanaliponye m'lole. "Madala, taonani chimene chimadontha. Mabowo atatu a misomali ndi kadzimbiri aka basi." A Katani anangoyang'ana pang'ono. Maso awo anali pa malata obiriwira aja.

"Mwaona, mayi?" anatero atakhala pa kampando kaja. "Lolemba mugona pansi pa denga latsopano."

"Ndaona. Koma anthu amenewa awatuma ndani? Zaka zonsezi amangodutsa."

"Mulungu amagwira ntchito m'njira zake."

"Mulungu ameneyo akumwetulira ngati inu bwanji?"

Lolemba m'malo mwa nyundo kunabwera kalata. Mayi wa mafomu anaibweretsa yekha, pamodzi ndi bambo wa suti wonyamula fayilo yachikasu chifukwa cha ukalamba. Mufayilomo munali pangano la zaka makumi anayi zapitazo, lonena kuti wodi ya amayi ndi chizindikiro cha ubwenzi wosatha pakati pa dziko lathu ndi Amalume, ndipo palibe angasinthe maonekedwe ake popanda chilolezo chawo. Pachipatala panalibe amene ankalikumbukira panganolo, koma Amalume sataya pepala. Isanakwane teni koloko foni ya Bwana inalira kuchokera ku unduna: ntchito iime kaye.

Alamu anakhumudwa mwaulemu. Womasulira anati dziko lake silikakamiza mphatso pa munthu. Amuna a zipewa zachikasu anatsika pa mitanda, anakwezanso malata awo m'lole limodzilimodzi, ndipo pochoka anapinda ndi lona lomwe, popeza linali pa mndandanda wa katundu wawo. Amalume anatsimikizira aliyense kuti sanaiwale amayi a dziko lino: gulu la akatswiri lidzabwera pakatha miyezi itatu kudzafufuza mtundu wa denga umene ungagwirizane ndi zosowa za anthu.

A Katani anathamangira galimoto ya mayi wa mafomu mpaka pageti.

"Mayi, nanga odwala aja? Mitambo mukuiona?"

"Tikumvetsa kwambiri, a Katani. Nkhaniyi yafika pamwamba zedi. Ndipo zikomo potidziwitsa msanga, mwathandiza maubale a maiko." Anawapatsira kapu yatsopano pawindo.

Inafikadi pamwamba. Madzulo wailesi inanena kuti akazembe onse awiri akumana ndi nduna. Wa Amalume anati maiko ena amazula madenga a anzawo osagogoda. Wa Alamu anati maiko ena amakonda mapepala kuposa anthu. Nduna yathu inati dziko lino ndi bwenzi la onse ndipo silisankha mbali. Lachiwiri kunatuluka chigamulo chimene nyuzi zinachitcha chipambano cha mtendere: denga lidzafoleredwa ndi onse awiri, mbali imodzi Amalume, mbali ina Alamu. Chinangotsala n'kugwirizana kuti mbali yoyang'ana kumsewu ikhale ya yani, ndipo anakhazikitsa komiti yoona za nkhaniyo. Podikira komiti, Lachisanu kudzakhala mwambo wovundukula zikwangwani ziwiri zolengeza za denga limene likubwera.

Bwana anaitanitsa a Katani nkhope ikuwala. "Akazembe awiri tsiku limodzi! Sizinachitikepo. Makatani awiri, ofanana ndendende. Wina akatalika ndi chala chimodzi, tayambitsa nkhondo. Zingwe zikokedwe nthawi imodzi, ndipo makabati onse muwachotse m'khonde, ulendo uno tibisa chiyani?"

"Bwana, akazi anga ali pamtetete."

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Tapempha lona ku mbali zonse ziwiri. Akukambirana za mtundu wake."

A Katani anasonkhanitsa zimene akanatha: mapepala apulasitiki a m'sitolo ya mankhwala, makatoni, maambulera anayi obwereka kwa alonda. Anamangirira zonsezi pa mitanda ndi zingwe za makatani. 

Mvula inabwera Lachitatu cha m'ma thili koloko masana, ndipo sinabwere kudzanyowetsa fumbi. Mphepo inayamba yanyamula makatoni, kenako mapulasitiki anadzaza madzi n'kuphulika. Anamwino, oyeretsa ndi odikirira odwala anaima mozungulira mabedi atatu aja atatambasula mabulangeti m'mwamba, madzi akuwatsikira m'mikono mpaka m'khwapa. A Katani anagwira ambulera pamwamba pa mwendo wa akazi awo kwa ola lathunthu. Matumba a mchenga ananyowa n'kulemera, n'kuyamba kukoka miyendo mopitirira muyeso, moti gogo wa pa bedi lapakati analira ngati mwana. Itakata mvula, m'wodimo madzi anali m'mapazi, masilipasi a odwala akuyandama kupita kukhomo.

Sisitala sanadikire komiti. Anapita kwa dokotala, ndipo dokotala analamula kuti amayi atatuwo atumizidwe ku chipatala china chokhala ndi mabedi otere, ulendo wa tsiku lathunthu pa msewu wa mabampu. Bwana anayesa kupempha kuti mwina achoke mwambo utatha, poti alendo akanakonda kuwaona. Sisitala anamuyang'ana mpaka Bwana anayamba kukonza mapepala a patebulo pake. Anagwirizana kuti ambulansi inyamuke Lachisanu m'mawa, alendo asanafike.

A Katani anapempha kuti aperekeze. Bwana anadabwa zenizeni. "Tsiku la mwambo? Nanga makatani akaima pakati, ndidzaitana ndani?" Woyendetsa ambulansi naye anati malo mulibe: odwala atatu, namwino mmodzi, basi. Masabata asanu otsalawo mayiwo akakhala okha kutali, kumene a Katani sakanatha kufikako koposa kamodzi.

Lachisanu m'mawa pabwalo panali potanganidwa. Ana a sukulu ankayeserera nyimbo, theka atanyamula timbendera ta Amalume, theka ta Alamu. Kuseri kwa wodi, kumene alendo sakanaona, anthu anayi ananyamula akazi a a Katani pa machira, mwendo utamangidwa pa thabwa, n'kuwalowetsa m'ambulansi. Mayiwo analuma mlomo osalira. A Katani anaima pachitseko atavala tisheti ya mwambo, ya mbendera ziwiri pachifuwa, ndipo mawu amene anawasunga masiku anayi anawatuluka okha.

"Mayi, ndine ndinachititsa."

"Chiyani?"

"Denga. Ndinauza Amalume kuti Alamu akufolera, n'kuuza Alamu kuti Amalume akufolera. Zonse zinali zabodza. Ndimafuna inu musanyowe."

Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo akanakonda kutero. Koma mayiwo anangowayang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira nsalu imene wina waidula molakwika.

"Bowolo linali lalikulu bwanji?"

"Atatu. A misomali. Ndi kadzimbiri pang'ono."

"Kotani?"

A Katani anatambasula chikhatho chimodzi.

"Makwerero muli nawo?"

"Ali kushedi."

"Nyundo?"

"Ilipo."

"Phula amagulitsa pa sitolo ya pakona ija, si choncho?"

"Amagulitsa."

"Lamlungu Bwana amabwera kuntchito?"

 Bwana sankabwera Lamlungu. Sankabweranso Loweruka masana. Panadutsa Malamlungu awiri mayiwo ali pansi pa banga lija, ndipo ntchito yake inali ya theka la ola, munthu n'kutsika tiyi asanazizire. A Katani anafufuza m'mutu mwawo tsiku limene anaganizapo zokwera okha n'kuchita mantha, kuti mwina anene kuti ankaopa kuchotsedwa ntchito, koma tsikulo sanalipeze. Sanaope ayi. Maganizowo sanawabwerere n'komwe. Manyazi anawagwira.

"Mabowo atatu a misomali," anatero mayiwo motsitsa, "inu n'kuitanira maiko awiri."

Gogo wa pa machira apakati anatembenuzira nkhope kukhoma la galimoto. Namwino anayang'ana wotchi yake. Kutsogolo kwa chipatala kunamveka kulira kwa njinga zamoto za apolisi, ndipo mawu a Bwana ankaitana dzina la a Katani mobwerezabwereza.

"Pitani, akukufunani. Kiyi wa makina anga osokera ali m'kachikwama kabuluu, muwaphimbe asachite dzimbiri. Muzidya, musamangomwa tiyi." Anapuma pang'ono, n'kuwagwira dzanja. Misozi inali m'maso, koma mawu anali omwe aja a masiku onse. "Ndipo abambo, kukhitchini kwathu nakonso kwayamba kudontha, pamwamba pa shelefu ya mbale. Chonde musauze alendo."

Woyendetsa anatseka chitseko, ndipo ambulansi inatulukira geti la kumbuyo kuti isasokoneze mwambo.